Haddon Hall: katchalitchi kake kokha kanandibwezera ndalama ya tikiti

Amayi atabwera kudzatichezera kuno ku Sheffield ku England, ndinapita nawo ku Haddon Hall, pafupi ndi tauni ya Bakewell ku Derbyshire. Ndinkafuna aone nyumba yakale yeniyeni, osati yopakidwa penti dzana kuti ikope alendo. Ndalama imene ndinalipira pakhomo sindikuidandaula ngakhale pang'ono.

Nyumbayi ili pachitunda, mtsinje wa Wye ukuyenda chakumunsi kwake. Mukawoloka mlatho n'kukwera, mumalowa m'bwalo loyalidwa miyala yosalingana, ndipo masitepe ake anadyeka pakati ndi mapazi a anthu. Kale inali ya banja la Vernon, koma mu 1563 Dorothy Vernon anakwatiwa ndi John Manners, ndipo ukwati umenewu ndi umene unapititsa nyumbayi kubanja la Manners, lomwe likadali nayo mpaka lero. Chimene chinaisunga chonchi n'chakuti eni ake anaisiya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 anasamukira kunyumba yawo ina ya Belvoir Castle, nyumbayi n'kukhala yosakhalamo eni ake zaka pafupifupi 200. Panalibe wogumula khoma kapena kukuza mawindo kuti afanane ndi anzake. Anadzaikonza m'ma 1920 ndi Duke wachi 9 wa Rutland, wa m'banja lomwelo la Manners, ndipo anaigwira ndi manja aulemu.

Holo yodyeramo, ya cha m'ma 1370, tinaiona, khitchini yokhala ndi matebulo okumbika ndi mipeni tinaionanso. Chipinda chachitali cha Long Gallery, cha mamita pafupifupi 33, n'chowala bwino zedi. Koma ife mtima unatsalira m'katchalitchi ka St Nicholas, pakona ya bwalo lakumunsi.

Mukangolowa mumamva kuzizira kwa miyala, ndipo makoma amaoneka ngati angothimbirira. Dikirani maso azolowere. Pang'onopang'ono mumayamba kuona masamba ndi maluwa, kenako Christopher Woyera akuwoloka madzi atanyamula mwana Yesu paphewa, tinsomba tikuzungulira miyendo yake. Pakhoma lina pali mafupa a anthu atatu ataimirira. Zithunzizi n'za m'ma 1400. Chipembedzo chitasintha ku England anazipaka njereza, ndipo zinabisika mpaka nthawi imene nyumbayi inkakonzedwa. Mitundu yambiri inafwifwa, koma ndinakondwa kuti sanaijambulenso. Zimene mukuona ndi dzanja la mmisiri wa nthawi imeneyo. Galasi la windo lakuguwa lili ndi chaka cha 1427.

Chapakati pagona chosema choyera cha mwala wa mabo: kamnyamata kali chigonere ngati kali m'tulo. Ndi Lord Haddon, mwana wa m'banja la Manners, amene anamwalira mu 1894 ali ndi zaka 9, ndipo amene analinganiza chosemacho ndi mayi ake omubereka, Violet. Nditawafotokozera amayi zimenezi anangoti chilili, osayankha. Iwo anaikapo mwana, mchimwene wanga, ine ndisanabadwe. Patapita nthawi anandigwira pamkono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iwe, mayi ameneyu analira ndi manja ake." Tinakhala pabenchi lathabwa mpaka gulu lina la alendo litalowa.

Kwa amene mukufuna kupita ndi makolo, dziwani kuti masitepe ndi ambiri, pansi ndi posalingana, ndipo kukagwa mvula miyala imaterera. Amayi mawondo amawavuta, choncho tinkayenda pang'onopang'ono, kupuma apa ndi apo, ndipo kumunda wa maluwa tinangofika gawo lakumtunda. Valani nsapato zafulati ndi juzi, ngakhale kunja kuli dzuwa. Yambani mwaona pa intaneti masiku otsegulira chifukwa satsegula chaka chonse. Ndipo mukafika m'mawa, yambirani kukatchalitchi anthu asanachuluke. Ife tinathera komweko, ndipo ulendo wina ndidzayambira kumeneko.