Chakudya choyandama cha tiana ta nsomba patatha miyezi ndikuchigwiritsa ntchito

Nditangoyamba kudyetsa tiana tanga ta tilapia (nsomba za mtundu wa chambo) chakudya choyandama chokhala ndi zomanga thupi pafupifupi 40 peresenti, ndinachiyamikira kwambiri. Tsopano chadutsa nane nyengo yotentha ndi yozizira yomwe. Ndikuchiyamikirabe, koma malangizo olembedwa pathumba lake sindikuwatsatiranso monga alili.

Ubwino wake sunasinthe. Timibulu take ndi tating'ono, tokwana pakamwa pa kansomba ka magalamu awiri kapena atatu, ndipo timayandama mokwanira kuti uone ngati nsomba zikudya kapena zikungonunkhiza. Tiana tanga tinakula pafupifupi mofanana, osati zija zoti ena anenepa ena atsalira. Thumba ukalisunga pouma silichita nkhungu. Chodandaula n'chakuti kunsi kwa thumba kumatsala fumbi lambiri.

Nkhani yagona pa mlingo. Thumba limangoti yezani kulemera kwa nsomba, muzipatse gawo lakutilakuti patsiku. Za kutentha kwa madzi silinenapo kanthu, chonsecho ndi pamene pali mutu wa nkhani. Nsomba siitenthetsa thupi lake yokha ngati nkhuku kapena mbuzi. Thupi lake limayendera madzi. Madzi akatentherapo ndi madigiri 10, mphamvu imene imagwiritsa ntchito imawirikiza pafupifupi kawiri. Tilapia imadya ndi kukula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20, njala imathawa ndipo chakudya chimachedwa kugayika m'mimba. M'miyezi yozizira tiana tanga tinkangotola pang'ono n'kubwerera pansi, sikelo n'kumaonetsa zomwezomwezo sabata ndi sabata. Wothira mlingo wa pathumba nthawi imeneyo akudyetsa matope, ndipo zotsalazo zikamawola zimadya mpweya wa nsomba.

Nyengo yotentha nayo ili ndi msampha wake, ndipo uwu ndi umene alimi ambiri sauona. Mphamvu ya m'chakudya imayamba yalipira zofunika: kupuma, kusambira, kugaya chakudyacho. Kukula kumadalira mphamvu yotsala. Kansomba kakang'ono kamawononga mphamvu yambiri pa galamu iliyonse ya thupi kuposa nsomba yaikulu, n'chifukwa chake kamafuna kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku, pamene yaikulu 2 kapena 3 peresenti ya kulemera kwake imaikwanira. Ndiye kakangodya, kamafuna okosijeni wochuluka kwa maola angapo kuti kagaye, makamaka chakudya chodzaza zomanga thupi ngati chimenechi. Koma madzi otentha amasunga mpweya wochepa: pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita pa madigiri 20, n'kutsika kufika pafupi 7.5 pa madigiri 30. M'dziwe lobiriwira mpweya umatsikanso kwambiri mbandakucha, popeza usiku wonse ndere zimakhala zikupuma osapanga wina. Ukaona tiana tikuyasamula pamwamba m'mawa, usatipatse kanthu. Ine ndimadikira dzuwa likwere ndipo chakudya chambiri ndimapereka masana. Chomaliza chimakhala chochepa komanso dzuwa lisanapendeke kwambiri.

Mtundu wa madzi nawo unandiuza zambiri. Zomanga thupi zikachuluka kuposa zimene nsomba ingamangire mnofu, imazitentha ngati nkhuni kuti ipeze mphamvu, zotsala n'kutuluka m'makha ngati amoniya, nyansi zimene zimaipitsa madzi. Tiana titapitirira magalamu 20 kapena 30, chakudyachi chinayamba kungodetsa madzi popanda kuonjezera kukula, choncho ndinasinthira ku cha 30 peresenti. Sindinaone kutsalira kulikonse. Wogulitsa sangakuuze zimenezi, pajatu chokwera mtengo ndi chija cha tiana.

China chimene chakudya sichingakonze ndi kuswana msanga. Tilapia yaikazi ikayamba kufungatira mazira m'kamwa imasiya kudya, mphamvu yonse n'kupita ku mazira. M'dziwe losakaniza amuna ndi akazi kukula kunaima msanga ngakhale chakudya chinali chomwecho.

Ndidzagulanso, koma cha miyezi yoyambirira yokha, ndipo wofuna kuchiyesa ayambe wagula choyezera kutentha kwa madzi ndi sikelo yoyeza magalamu. Ndimayeza nsomba zingapo pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo mlingo ndimautenga pamenepo ndi pa kutentha kwa madzi a tsikulo.