Chambo, nkhani za ku America ndi rimoti ya m'thumba: malo ena odyera pa Kamuzu Road ku Salima

Pa Kamuzu Road pali malo ambiri ogulitsa nsima, ndipo ochuluka mwa iwo ali ndi wailesi ya kanema pakhoma, koma pafupifupi onse amaonetsa mpira kapena mafilimu a ku Nigeria kuyambira m'mawa mpaka usiku. Malo amene ndikuwafotokoza pano amasiyana ndi anzawo pa chinthu chimodzi. Dzuwa likangopendeka, mwiniwake amaika kanema pa nkhani za kunja, ndipo rimoti amaiponya m'thumba la malaya ake. Ndadyapo kasanu pakati pa mwezi wa Febuluwale ndi wa Epulo chaka cha 2025, popita ndi pochokera ku Senga Bay, ndipo ulendo uliwonse ndinapeza anthu akutsutsana pa nkhani imodzi, ya mkangano wa Pulezidenti Donald Trump ndi atolankhani a m'dziko lake. Dzina la malowa ndalisunga chifukwa ndili ndi dandaulo limene ndilitchule, koma wakabaza aliyense wa pa depoti adzakufikitsani mukamuuza kuti mukufuna chambo kumene kanema amakhala pa nkhani.

Ndiyambe ndi chakudya, popeza ndicho munthu amalipira. Chambo chawo ndi chabwino kwambiri. Chimabwera kuchokera kunyanja tsiku lomwelo, amachipala mamba bwinobwino, kuching'amba, kuchithira mchere ndi mandimu, kenako kuchiotcha pa makala mosafulumira kotero kuti khungu limauma koma mnofu umakhalabe wofewa. Tsabola wa kambuzi amamuika pambali kuti wofuna adzithirire yekha. Nsima ndi ya ufa woyera, yovundulidwa mokwanira, ndipo amene safuna nsima amapatsidwa mpunga wonunkhira wa ku Nkhotakota. Nkhwani wotendera ndiwo ndinkaupempha nthawi zonse. Nkhuku sindikuilimbikitsa, chifukwa imasambira m'mafuta, ndipo nyama ya ng'ombe imene ndinaiyesa kamodzi inali yofuna mano a mnyamata. Mtengo wa mbale ya chambo unakwera kawiri m'miyezi itatu imeneyi, ngakhale kuti pamenepa sindingawaloze chala, poti zinthu zakwera paliponse.

Vuto lalikulu la kukhitchini ndi nthawi. Chambo amayamba kuchiotcha mukachiitanitsa, ndipo mbaula ndi imodzi, choncho kudikira kwa ola lathunthu si chinthu chachilendo. Ku Salima kumatentha, ndipo mwa mafani awiri a kudenga imagwira ntchito ndi imodzi. Magetsi akazima, jenereta yawo yaing'ono imayendetsa filiji ndi kanema basi, anthu n'kumatuluka thukuta kwinaku akumvera nkhani. Poyamba zinandikwiyitsa, koma ndinadzaona kuti kudikira kumeneku ndiko kumabala zokambirana zimene malowa amadziwika nazo.

Ulendo wanga woyamba unali masiku ochepa chichitikire nkhani ya bungwe la atolankhani la Associated Press. Pa 20 Januwale, tsiku limene Trump analumbira kachiwiri, anasaina lamulo losintha dzina la nyanja ya Gulf of Mexico kuti izitchedwa Gulf of America. Bungweli, limene linakhazikitsidwa mu 1846 ndipo limagulitsa nkhani ku nyuzipepala ndi mawailesi a dziko lonse lapansi, linanena kuti lipitiriza kugwiritsa ntchito dzina lakale, limene lakhalapo zaka zoposa 400, kwinaku likutchulanso dzina latsopanolo. Pa 11 Febuluwale mtolankhani wake anakanizidwa kulowa mu ofesi ya pulezidenti ku White House, ndipo posakhalitsa anawaletsanso kukwera ndege ya pulezidenti. Ndinkayesa kuti anthu a ku Salima aiona nkhaniyi ngati ya kutali, koma ndinalakwitsa, chifukwa palibe amene angamvetse mkangano wa dzina la nyanja kuposa munthu amene amadya za m'nyanja ya Malawi.

Bambo wina wogula nsomba kwa asodzi n'kukazigulitsa ku Lilongwe ndiye anaiyambitsa. Iye anati nyanja yathu yomweyi anzathu a ku Tanzania amaitcha Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa, ndipo anafunsa kuti kodi mtolankhani wa nyuzipepala ya kuno atayamba kulemba Nyasa tsiku ndi tsiku, ife tingamulole kukhala pampando wa kutsogolo ku nyumba ya boma? Kwa iye Trump sanalakwe, chifukwa mwini bwalo ali ndi ufulu wosankha amene akhale pa mphasa yake. Ambiri anavomera, ndipo ena anakumbutsa za 2012, pamene mkangano wa malire a nyanja unabuka mwamphamvu, Malawi atagwiritsitsa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany limene limaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa. Amene anamuyankha anali mphunzitsi wopuma ntchito amene amakhala pa tebulo la pafupi ndi zenera, ndipo ndiye amamasulira nkhani m'Chichewa kwa amene Chingerezi cha pa kanema chimawathamangira. Anati, “Achimwene, fanizo lanu latembenuka. Ife ndife amene tikusunga dzina limene dziko lapansi likulidziwa, ndipo tsiku lina mtsogoleri wa dziko loyandikana nalo akadzalisintha ndi cholembera, tidzafuna atolankhani okana kumutsatira.” Chambo changa chinafika mkanganowo uli pakati, ndipo ndinadya osaona kuti ola latha.

M'maulendo otsatira ndinaona kuti anthu a pamalopa agawikana m'njira imene sindinkaiyembekezera. Anyamata ambiri, makamaka akabaza amene amalowa kudzagula tiyi kapena kudzatchajitsa foni, amamukonda Trump. Amati ndi munthu wosazungulira polankhula, amene amayankha mafunso yekha pamaso pa kamera m'malo mobisala kumbuyo kwa mneneri wake. Pamenepa ali ndi mfundo, chifukwa n'zoona kuti amalankhula ndi atolankhani kawirikawiri, ngakhale kuti nthawi zambiri amatero akuwanyoza. Chifukwa chawo chachiwiri n'chochokera kuno kwathu. Amati atolankhani amalemba zabwino za amene wawapatsa chipondamthengo, choncho mtsogoleri akawatcha abodza sakunama. Mawu amene Trump analemba mu Febuluwale 2017, otcha nyumba zina zofalitsa nkhani adani a anthu a ku America, anyamatawa amawabwereza mosangalala ngati kuti akunena za timu ya mpira imene amadana nayo.

Mayi wina wogwira ntchito zaumoyo, amene ndinamupeza kawiri akudikira chakudya choti anyamule, anali ndi maganizo ena. Iye sanalowe m'nkhani ya dzina la nyanja. Anangonena kuti pamene boma la America linaimitsa thandizo la kunja kwa masiku 90 mu Januwale, anzake ambiri ogwira ntchito m'mabungwe anazimva koyamba kwa atolankhani, ndipo ndi atolankhani omwewo amene anapitiriza kufunsa za mankhwala otalikitsa moyo ndi za malungo. Anafunsa kuti akachotsedwa m'chipindamo ofunsa mafunso ovuta, nanga funso lokhudza odwala a ku Khombedza adzalifunsa ndani? Palibe anamuyankha, ndipo anyamata aja anayang'ana mafoni awo.

Tsiku limene ndinasangalala nalo kwambiri linali la pakati pa Malichi, zitangomveka kuti ogwira ntchito pafupifupi 1,300 a wailesi ya boma la America ya Voice of America, imene inayamba kuulutsa mawu mu 1942, auzidwa kuti akhale kunyumba. Mphunzitsi uja tsiku limenelo sanamasulire zambiri, koma anafotokoza za nthawi ya Kamuzu Banda, pamene wailesi inali MBC yokha ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Anati mu Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi n'kulengezedwa kuti ndi youkira boma, anthu ankatsekera zitseko n'kumatchera BBC ndi wailesi ya ku South Africa imene inkaulutsa m'Chinyanja, mawu atatsitsa kwambiri kuopa oyandikana nawo. Kwa munthu wa msinkhu wake, kutseka wailesi kumakumbutsa mantha a masiku amenewo. Anakumbutsanso za Bingu wa Mutharika, amene mu 2010 boma lake linasiya kulengeza malonda mu nyuzipepala za kampani ya Nation, iye mwini n'kuopseza kuti atseka nyuzipepala zoipitsa mbiri ya boma, ndipo gawo 46 la malamulo a zilango linasinthidwa kuti nduna izitha kuletsa chofalitsidwa chilichonse, mpaka linachotsedwa mu 2012. Pa 20 Julayi 2011, mawailesi omwe si aboma analetsedwa kuulutsa zionetsero pamene zinkachitika. Bambo wa nsomba uja anavomera kuti zonsezi akuzikumbukira, koma anaumirira kuti ku America palibe mtolankhani amene wamangidwa chifukwa cha dzina la nyanja.

Maganizo anga ali pafupi ndi a mphunzitsi, ngakhale kuti anyamata aja sindikuwatsutsa pa zonse. Chipondamthengo chilipodi, ndipo mtolankhani wolandira envulopu amawononga ntchito ya anzake onse. Koma chimene chinachitika pa 25 Febuluwale, pamene White House inalengeza kuti izisankha yokha kagulu ka atolankhani kotsatira pulezidenti, ntchito imene kwa zaka zambiri inkagwiridwa ndi bungwe la atolankhani eni ake, sichichiza matenda amenewo. Chimangopatsa wofunsidwa mphamvu yosankha womufunsa, ndipo mtolankhani amene akudziwa kuti mpando wake uli m'manja mwa pulezidenti amayamba kuyeza mawu ake asanatsegule pakamwa.

Dandaulo langa lenileni ndi rimoti ija. Mwini malowa amalola anthu kunena chilichonse chokhudza Trump, CNN kapena makhoti a ku Washington, ndipo nthawi zina amaseka nawo ali pa kauntala. Koma munthu akangotchula chipani cha kuno kwathu, kapena kufanizira zimene akuona pa kanema ndi atsogoleri amene ankayembekezeka kupikisana pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, dzanja lake limapita m'thumba ndipo pakhoma pamaoneka mpira, ngakhale ukhale wobwereza wa sabata yatha. Za Kamuzu ndi za Bingu amazilola chifukwa eni ake anatisiya. Ndinamufunsa mwaulemu tsiku lina polipira, ndipo anandiyankha kuti, “Bambo, pano amadya a zipani zonse, ndipo mbale zikasweka wogula zina ndine.” Ndikumumvetsa, chifukwa chaka cha chisankho mitima imakhala pamwamba ndipo bizinesi yake ndi ya nsima. Komabe zimandiwawa kuti malo amene anthu amatha ola akuteteza kapena kudzudzula ufulu wa atolankhani a ku America, iwo eni sangathe kukambirana za gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko lathu, limene limapereka ufulu womwewo, kapena za lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga ku boma limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Nkhani za m'Chichewa za pa mawailesi a kuno saziika n'komwe, kotero kuti wosamva Chingerezi amadalira mphunzitsi uja, amene, kunena zoona, amathira mchere wake pomasulira.

Ulendo wanga womaliza unali patapita masiku angapo kuchokera pa 8 Epulo, pamene woweruza milandu Trevor McFadden anagamula kuti boma silingatsekere kunja Associated Press chifukwa cha maganizo ake pomwe atolankhani ena likuwalola kulowa. Chimene chinadabwitsa anthu si chigamulocho ayi, koma kumva kuti woweruzayo anasankhidwa ndi Trump yemweyo mu 2017. Bambo wa nsomba anapukusa mutu n'kunena kuti kumeneko ndi kuluma dzanja lokudyetsa, pamene mphunzitsi anati ndiye ntchito ya woweruza imeneyo. Mnyamata wina wakabaza anakweza mawu kuti ifenso tinaziona pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo asanamalize chiganizo chake, pakhoma panali pataoneka kale mpira.

Amene akufuna kukayesa malowa afike isanakwane 6 koloko madzulo, aitanitse chambo nthawi yomweyo asanakhale pansi, ndipo asankhe mpando wa pafupi ndi zenera, chifukwa ndi kumene kumapita kamphepo komanso kumene mawu a womasulira amamveka bwino. Anyamule ndalama za m'manja, popeza kulipira pa foni kunandikanika kawiri, ndipo ngati akuthamangira basi ya ku Lilongwe aitanitse usipa, umene umakhala wophika kale.