Kulipira pa foni kapena pamanja: mapazi amene timasiya m'mbuyo

Mwezi wathawu eni nyumba imene ndimachita lendi anandilawirira m'mamawa, nkhope ili gwa, akuti ndalama ya mwezi wa Juni sinafike. Sitinalimbane nthawi yaitali. Ndinatsegula foni n'kuwaonetsa uthenga: tsiku, ola, dzina lawo ndi kuchuluka kwa ndalamayo. "Pepani achimwene, ndasokoneza ndi a nyumba inayo," anatero akubwerera. Ndikanawapatsa pamanja popanda lisiti, mboni yanga ikanakhala ndani?

Apa ndiye pamene foni imaposa ndalama ya pamanja. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba ya TNM mu 2013, tambala iliyonse yodutsa pa *211# kapena *444# imasiya phazi. Mapazi omwewa ndi amene amayang'anidwa munthu akafuna kangongole ka pa foni konga Kutchova. Mayi wogulitsa mandasi alibe chikole choti aonetse, koma mbiri ya mmene ndalama zake zimalowera ndi kutuluka imamuyankhulira. Mnzake wolandira pamanja pokha angagulitse zaka khumi, obwereketsa ndalama osadziwa n'komwe kuti pali munthu wa bizinesi pamenepo.

Koma phazi lomwe linandipulumutsa kwa eni nyumba limaululanso zambiri. Mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo ambirife tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Kuchokera pamenepo nambala yako ndi iwe amene. Mndandanda wa malipiro ako umaonetsa amene umawathandiza kumudzi, chipatala chimene unalipirako, tsiku limene malipiro a pamwezi amalowa, ngakhale kangati wabetcha pa mpira. Lamulo loteteza zinsinsi zoterezi, la Data Protection Act, linabwera mu 2024 ndipo woyang'anira wake ndi MACRA yemweyo. N'chinthu chabwino kwambiri, ndipo tiyenera kumalifunsira.

Komabe chimene chimandidetsa nkhawa ine tsiku ndi tsiku chili pafupi kuposa makompyuta a kampani. Ndi buku la ejenti. Mwaliona: lili pa katebulo pansi pa ambulera, lotsegula, kamwala kali pamwamba kuti mphepo isatembenuze masamba. M'menemo muli manambala, ndalama zimene aliyense watapa ndi siginecha yake. Wobwera pambuyo pako akamasayina, maso ake amayenda pa mzere wako. Mchemwali wanga atatapa ndalama ya fizi ya mwana, usiku womwewo anaimbiridwa foni ndi bambo wosamudziwa, yemwe anavomera yekha mopanda manyazi kuti nambalayo anaiona m'buku. Anachita kumutseka, koma kwa masabata angapo ankazungulira njira ina popita kumsika.

Palinso dzina lija limaoneka munthu akalemba nambala yako ngati akufuna kukutumizira ndalama. Limathandiza kuti ndalama isasochere, inde, koma akathyali amalipezeraponso mwayi. Akakuitana ndi dzina lako lonse, mtima umafewa, ndipo nkhani ya "ndatumiza molakwitsa, mundibwezere" imamveka ngati yoona. Ifenso timawathandiza tokha. Pa zopereka za maliro kapena ukwati timajambula uthenga wonse n'kuuponya pa gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri, ndalama yotsala mu akaunti ikuonekera poyera.

Ndalama ya pamanja ilibe zonsezi. Siidziwa dzina lako, siifuna yochotsera, ndipo netiweki ikavuta iyo imagwirabe ntchito. Vuto lake ndi lodziwika: ikasololedwa mu minibasi, yapita basi. Popeza pepala lalikulu ndi la K5,000, lendi ya mwezi umodzi imatupitsa thumba moti aliyense amaona. Foni ikabedwa umakatenga simu ina ya nambala yomweyo, ndalama n'kuipeza ili momwemo, bola nambala yachinsinsi sunauze munthu ndipo si chaka chako chobadwa.

Ine ndinagawa pawiri. Chilichonse chimene mawa munthu angandikanire, monga lendi, fizi, mayunitsi a magetsi, madzi ndi ngongole imene ndikubweza, chimadutsa pa foni, ndipo uthenga wake sindifufuta. Za kumsika, za kabaza, mankhwala amene sindifuna kuti wina adziwe, ndi kangachepe kothandiza m'bale amene sakufuna kuti mavuto ake amveke, ndimapereka pamanja. Ndikapita kotapa ndimasankha ejenti mmodzi amene ndimamudziwa. Mayi amene ndimatapako masiku ano amaphimba mizere ya ena ndi kapepala ka katoni asanandipatse cholembera, ndipo ndimalolera kuyenda kamtunda kuti ndikawapeze.