Miyezi 14 ndi upper yotchipa ya mid-length: zimene ndapeza

Papita miyezi 14 chigulireni upper (gawo lapamwamba) ya mfuti yanga ya AR-15, ndipo m'kabuku kamene ndimalembamo zipolopolo chiwerengero changodutsa 3,100. Ndinaigula pa Black Friday, usiku, mayi a kunyumba atagona, pa mtengo wa madola 340 pamodzi ndi bolt carrier group (zitsulo zoyenda m'kati, zolowetsa chipolopolo ndi kutulutsa khoko lake) ndi charging handle (chogwirira chokokera zitsulozo kumbuyo). Alamu anga, amene anagwirapo usilikali kuno ku America, ataiona anaitembenuza uku ndi uku n'kungoti, "Alamu, tidzakambe mukadzawombera zipolopolo zikwi zitatu." Zakwana tsopano, ndiye tiyeni tikambe. Kampani yake sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene si zoyamikira, ndipo upper imodzi singakhale mboni ya fakitale yonse.

Kwa inu amene mfuti mumangodziwa ya apolisi ndi gogodera wa alenje: AR-15 imagawika pawiri, ndipo timapini tiwiri ndito timaigwirizitsa. Gawo lapansi, lower, ndi limene lili ndi nambala, ndipo pamaso pa lamulo la boma la America mfuti ndi imeneyo. Umaligula kwa wogulitsa wa laisensi, umalemba fomu 4473, n'kukufufuza mbiri ku NICS, kumene boma limaunikira ogula mfuti. Wa green card amaloledwa; wa visa ya sukulu kapena yodzacheza nkhani yake ndi ina, asapupulume. Gawo lapamwamba, upper, ndi limene lili ndi barrel, paipi imene chipolopolo chimadutsamo, ndipo kuno ku Indiana limakupeza pakhomo m'katoni ngati nsapato. Koma ntchito yeniyeni ya mfuti ili kumwambaku.

Chipolopolo chikamathamanga mu barrel, kumbuyo kwake kumakhala mpweya wotentha wa wonga. Pa kapangidwe ka Eugene Stoner, katswiri amene anayambitsa mfuti za mtundu umenewu, pamwamba pa barrel pali kabowo kotapa mpweyawo, umene umabwerera kudzera m'kapaipi kakang'ono kukakankha bolt carrier, kuti itulutse khoko lakale ndi kulowetsa chipolopolo china. Kabowoko kakakhala pa mainchesi pafupifupi 7 kuchokera kumbuyo amati carbine, pa 9 ndiye mid-length, pa 12 ndi rifle. Mfuti ya asilikali ya M4 ili ndi barrel ya mainchesi 14.5 ndi kabowo ka carbine. Ife anthu wamba, barrel yofupika kuposa mainchesi 16 imafuna kalembera wapadera ku ATF, nthambi ya boma yoyang'anira za mfuti, ndiye makampani anangotalikitsa barrel kufika pa 16 osasuntha kabowo. Chipolopolo chikadutsa pakabowopo chimakhalabe ndi mainchesi 9 oti chiyende, nthawi yonseyo mpweya ukukhuthukira m'kati mwa mfuti, waukalinso chifukwa watapidwa pafupi ndi pamene wonga wayakira. Bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa barrel, imatseguka mwaphuma khoko likadakakamira, zitsulo zimamenyana, phewa limamva. Kusunthira kabowo kutsogolo mainchesi awiri okha kumaziziritsa zonsezi. Ngakhale asilikali apadera a ku America, pa upper yawo ya URG-I, anasankha mid-length pa barrel ya 14.5.

Izi ndinaziwerenga ndisanagule, ndipo ndi zoona. Chimene palibe anandiuza n'chakuti malo a kabowo ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kukula kwake, ndipo malonda ambiri pa intaneti salemba n'komwe.

Ndinazindikira tsiku loyamba lomwe. Owombera amayerekeza kumene makoko akugwera ndi nkhope ya wotchi, kutsogolo kukhala 12 koloko. Mfuti yoyenda bwino imawaponyera cha pa 3 kapena 4 koloko. Yanga inkawaponyera kutsogolo, pa 1 kapena 2 koloko, ena n'kumakagwera kutsogolo kwa mzere woimapo owombera, kumene sungathe kukatola. Alamu anatulutsa upper yawo ya kampani ya BCM, nayonso mid-length ya mainchesi 16, n'kuimanga pa lower yanga yomweyo, magazini yomweyo, zipolopolo za m'bokosi limodzi. Makoko anayamba kuunjikana pamalo amodzi kudzanja lamanja, oti ungawatole ndi chipewa. Kadontho kofiira ka pa galasi loyang'anira kankabwerera pa chandamale kokha, pamene ndi yanga kankalumpha ngati chiwala. Onse awiri mid-length, koma kumva kwake ngati mfuti za mitundu iwiri.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Wopanga zotchipa amadziwa kuti makasitomala ake adzagula zipolopolo zotchipanso, zofooka wonga, ndipo sadzathira oyilo. Akaboola kabowo kakakulu, mfuti imayenda ndi chilichonse, katundu sabwezedwa. Amene amalipira ndi phewa lako ndi bolt yako. Ndinagula buffer (chitsulo cha mu lower chimene bolt carrier imakankha ikamabwerera kumbuyo) yolemera ya H2, ya magalamu pafupifupi 130 m'malo mwa ya 85 imene inali mu lower, ndipo makoko anabwerera cha pa 3 koloko. Kulumpha kuja kunachepa, ngakhale sikunafike pa ya alamu. Buffer imangobisa vuto, mpweya umalowabe wochuluka, ndipo mwaye wa m'kati umachitira umboni ukamatsuka.

Nkhani yaikulu inabwera mu Febuluwale, nditafika cha pa zipolopolo 500. Amene mukudziwa South Bend mukudziwa chisanu chochokera ku Lake Michigan, chija chimaumitsa zala mpaka osamva kuti wagwira chiyani. Ndinali pa bwalo lowomberapo lapanja, ndipo magazini itatha bolt sinatsalire kumbuyo monga imachitira. Ndinangoti mwina ndi magazini. Yachiwiri, ndakhethemula kanayi, kachisanu kungoti kwe, zii. Kutsegula, m'kati mulibe chipolopolo: bolt sinabwerere mokwanira kuti ikatole china. Mfuti imene dzulo lake inali ndi mpweya wosefukira, lero ikusowa mpweya.

Ndinaloza chala chilichonse. Ndinati oyilo wagwirana ndi kuzizira, ndinapukuta n'kuthira wina. Ndinati H2 yalemeretsa, ndinabwezeramo buffer yakale, ndipo inayendako pang'ono, zimene zinandinamiza kwa milungu iwiri. Tsiku lina madzulo, ndili patebulo m'galaja, ndinawalitsa tochi kudzera m'timipata ta pa handguard, chophimba barrel chimene umagwira ndi dzanja. Pa barrel, kutsogolo kwa gas block, panali mzere wa mwaye wakuda bii, ngati wa pakhoma la khitchini ya nkhuni. Gas block ndi kachitsulo kamene kamavundikira kabowo kaja ndi kulozetsa mpweya m'kapaipi, ndipo kanga kamagwidwa ndi timasikuluwu tiwiri tapansi. Nditachotsa handguard, kamodzi kanazungulira ndi chala chokha. Gas block inali itasuntha kupita kutsogolo pang'ono, mwina kukula kwa njere ya mpunga, kabowo katatsekeka theka, mpweya wina ukuthawira panja.

Omanga mosamala amakumba kadzenje kakang'ono pansi pa barrel kuti nsonga ya sikuluwu ikhazikikemo, ena amakhomeramo pini yopyoza. Pa barrel yanga panali posalala see, popanda ngakhale chizindikiro cha guluu womangira masikuluwu. Ndinapita nayo kwa mmisiri wa mfuti. Anakumba kadzenjeko, anaika masikuluwu atsopano ndi guluu wopirira moto, n'kundilipiritsa madola 60. Ali pomwepo anayang'ana gas key, kachitsulo kolandira mpweya pamwamba pa bolt carrier, napukusa mutu. Mabawuti ake awiri amayenera kutsinidwa m'mbali kuti asamasuke, ndipo anga anangokandidwa mwa chiphamaso. Anawatsinanso osandilipiritsa.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene munthu amalipira pa upper yodula. Zitsulo zake, ukawerenga pa pepala, zimafanana kwambiri: receiver (thupi la upper) ya aluminiyamu ya 7075-T6, barrel ya chitsulo cha 4150, twist (kapotokedwe ka mizere ya m'kati mwa barrel) ya 1:7. Chimene sichilembedwa ndi mphindi khumi za munthu woleza mtima amene anakhala pansi, nalinga gas block, namanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, nayesa kuwombera asanatseke katoni. Yanga inaphonya munthu ameneyo.

Koma ndisaiponde yonse, chifukwa barrel yake yandichititsa manyazi ine amene ndinkaikayikira. Ndi ya nitride (njira yolimbitsira khungu la chitsulo), ndipo chamber yake, pamene chipolopolo chimakhala chisanawombedwe, ndi ya zipolopolo za 5.56 NATO, ndiye imadyanso za .223 Remington popanda vuto. Njira yobwerera, kuika 5.56 mu chamber ya .223, ndi imene saloleza. Miyezi ya dzuwa ndinkapita ku Kingsbury, kufupi ndi LaPorte, kukawombera nditakhala pa benchi, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Pa mayadi 100, zipolopolo wamba za M193 za 55 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), khumi zimalowa m'bwalo la mainchesi atatu. Ndikaika zodula za 77 grain bwalolo limatsika kufika pansi pa mainchesi awiri. Upper ya alamu, imene barrel yake ndi ya chrome m'kati, tsiku lomwelo, m'manja mwanga momwemo, inachita chimodzimodzi. Alamu anayeza kawiri ndi tepi, kenako anati mphepo inali kumbali yanga. Tinali pa benchi imodzi.

Mu Julaye mvula inandipeza pabwalo, ndinangoponya mfuti m'chikwama, ndipo ntchito itandipana ndinaiiwala masiku asanu m'chinyezi cha chilimwe cha kuno. Ndinatsegula mtima uli m'mwamba. Dzimbiri ndinalipeza pa kachitsulo ka kunsonga kokha, timadontho tiwiri tochoka ndi nsanza ya oyilo. Barrel inali bwinobwino kunja ndi m'kati. Ndi ulesi umene sindikulimbikitsa, koma unandiuza zambiri za nitride kuposa zonse zimene ndinawerenga.

Bolt ndi ya chitsulo cha 9310, osati Carpenter 158 imene asilikali amalamula, ndipo anthu pa intaneti amatukwanizana pa nkhani imeneyi ngati ya mpira. Ine ndikatsuka ndimayang'ana mano ake ndi pabowo la cam pin (kapini kotembenuza bolt), malo amene bolt imayambira kung'aluka, ndipo mpaka lero palibe mng'alu. Chimene chinatopa ndi kasipuling'i ka extractor, chikhadabo chokoka khoko. Cha pa 2,400 mfuti inatsamwa katatu tsiku limodzi, khoko litatsalira m'kati china chikufuna kulowa. Sipuling'i yatsopano ndi kamphira kake, madola osakwana khumi, ntchito ya mphindi zisanu, ndipo sinatsamwenso. Ndikukhulupirira kuti mpweya wochuluka uja ndi umene unakakalambitsa msanga. Ma gas ring, timphete ta pa bolt totsekera mpweya, akadali oyambirira: ndikakoka bolt n'kuimika carrier chadodolido patebulo, siitsika ndi kulemera kwake.

Handguard ilibe nkhani yambiri. Ndi yopepuka, sinasunthepo, koma ndi yopyapyala moti magazini atatu otsatizana imatentha kufuna magolovesi, ndipo m'mphepete mwa timipata muli kuthwa kokanda chikhatho. Utoto wakuda wayera pamene makoko amamenya potuluka. Zimenezo n'za mfuti iliyonse yogwira ntchito.

Tiwerengere ndalama. Madola 340 aja, kuphatikiza buffer ya 40, mmisiri 60 ndi sipuling'i, ndafika cha pa 450. Alamu analipira kuposa 800, ndipo pa nthawi yonseyi sanagule kanthu kupatula oyilo. Ndiye ndapulumutsabe ndalama, koma osati theka ndi kupitirira monga ndinkadzitamira usiku wa Black Friday uja, ndipo maulendo atatu a ku bwalo anathera kukanda mutu. Chondiseketsa n'chakuti zipolopolo 3,100 zadya ndalama zoposa ma upper awiriwo kuwaphatikiza. Mayi a kunyumba anapeza kabuku kaja, anawerengera okha, n'kundifunsa kuti kumudzi akanakhala matumba angati a feteleza. Sindinayankhe.

Kwa munthu wofuna kuboola mapepala Loweruka, pa barrel ya mainchesi 16, mid-length ndiyo yoyenera, za carbine osataya nazo nthawi, ndipo yotchipa ikhoza kukutumikirani ndithu. Koma muilandire ngati galimoto yakale yochokera ku Japan: isanayende ulendo, ipite kaye kwa makaniko. Funsani wogulitsa kukula kwa kabowo ndi mmene gas block inagwiridwira. Akamazungulira poyankha, mwamva kale yankho. Ngati pali gawo limodzi loti muwonjezerepo ndalama, ndi bolt carrier group. Koma amene akufuna mfuti yodalira usiku m'nyumba muli ana, ine sindingamuuze kuti atenge ngati yangayi n'kuikhulupirira ikungotuluka m'katoni. Yanga inaoneka yabwino zipolopolo 500 zoyambirira, sikuluwu ikumasuka mwakachetechete.

Alamu atamva kuti ndakwanitsa zikwi zitatu anabwera Loweruka lapitali, anaichotsa handguard okha, nagwedeza gas block ndi mphamvu zawo zonse. Sinasunthe. Anaona timizere tofiira pa mitu ya masikuluwu n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndi kyutekisi wa mlongo wawo: ndinajambula mzere kuchokera pa sikuluwu kufika pa chitsulo tsiku limene ndinachoka kwa mmisiri, kuti ikadzazungulira ngakhale pang'ono ndidzaone. Moto wadetsa utotowo, koma mizere ikadali yolunjikana. Anabwezera handguard, napempha kuti mwezi wamawa tidzayesenso za 77 grain zija, tsiku lopanda mphepo.