Wofufuza wa ku Limbe uja anandipezera Lifo yanga, koma zina anandikanira

Anthu pa Luchenza akhala akundifunsa za bambo amene anandisakira njinga yamoto ija mnyamata wanga wa kabaza anathawa nayo, ndiye nayi nkhani yake.

Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawanamizire. Tsiku loyamba anafuna blue book, namba ya injini ndi lipoti la kupolisi, akuti popanda lipoti sayamba n'komwe. Tinagwirizana K150,000, mafuta padera, ndipo apa mpamene pandiwawa chifukwa za mafutazo zimangobwera pang'onopang'ono pa Airtel Money mpaka ndinasiya kuwerenga. Komanso foni sayankha msanga, masiku atatu zii iwe mtima uli m'mwamba.

Tinakangana pa nkhani ya foni. Ine namba ya mnyamatayo ndinali nayo ndiye ndinati achimwene, simungapeze munthu wa ku kampani ya foni atiwonere amene akuimbirana naye ndi komwe ali, ndalama ndiwonjezera. Anakana ndithu osanyengerera. Akuti bwana, Constitution yathu pa section 21 imateteza chinsinsi cha munthu, nyumba yake, katundu wake mpaka zokambirana za pafoni, ngakhale akhale wakuba, ndipo ma call log amatenga ndi apolisi ndi chilolezo cha khoti. Anatchulanso lamulo la 2016 lija la Electronic Transactions and Cyber Security, akuti kulowa mu WhatsApp ya munthu mwakuba ndi mlandu, tikhoza kumangidwa tonse awiri wakubayo ali phee kunja. Ndinakwiya zedi tsiku limenelo, ndinkaona ngati ndalipira munthu wamantha.

Iwo anangoyenda wapansi, kucheza ndi akabaza pa Chitakale, okonza njinga, mpaka ku Muloza poti zambiri zobedwa zimawolokera ku Milange. Sabata yachiwiri anandionetsa chithunzi chojambulira pamsewu, njinga ili pakhonde la nyumba ina, aipenta yakuda, sitika yanga aimatula koma tanki yophwanyika mbali yakumanzere ija ndinaizindikira pompo, ndinachita kunjenjemera manja.

Ndinati tiyeni usiku uno ndi azilamu anga tikaitenge. Anakananso, ndipo mudzi wake sanandiuze. Akuti iwo si apolisi, kulowa pakhomo pa munthu kukachita chipikisheni alibe mphamvu, komanso mukapita gulu mutakwiya chonchi munthu amafa, mwinanso amene ali nayoyo anangogula osadziwa. Kunena zoona azilamu angawo anali atakonzeka kale ndi zibonga, ndikaganiza pano thupi limachita tsembwe.

M'mawa mwake tinapita limodzi kupolisi, iwo anapereka zithunzi ndi zonse analemba, apolisi anakaitenga, namba ya injini inagwirizana ndi blue book. Amene anali nayo anaigula kwa mnyamata uja, ana ake ang'onoang'ono akusewera pakhomo pomwepo.

Amene mukufuna wokuberani mameseji a mkazi wanu musavutike kupita kwa bambo amenewa. Za katundu wosowa pitani, bola za mafuta mulemberane papepala musanayambe.