Fuliwilo ya mano 34 pa njinga yanga yakale: miyezi isanu ndikukwera nayo ku Ndirande

Ndimakhala kumtunda kwa Ndirande, chakufupi ndi phiri, ndipo ntchito ndimagwira ku Ginnery Corner. M'mawa njinga imangotsetsereka yokha. Nkhani imakhala madzulo pobwerera, thupi litatopa kale, mwina kukaliyala kuli kathumba ka ufa. Kwa zaka ziwiri, pa chitunda chomaliza chofikira kunyumba ndinkatsika n'kumakankha. Kuyambira pamene ndinasintha fuliwilo (magiya a pa wilo yakumbuyo) miyezi isanu yapitayo sindinatsikepo, n'chifukwa chake ndati ndilembe, mwina wina amene akuganiza zogulitsa njinga yake chifukwa cha zitunda za mu Blantyre angathandizike.

Njinga yanga ndi mountain bike ya kaunjika, felemu yachitsulo, matayala a mainchi 26. Ili ndi magiya 21: atatu kutsogolo a mano 48, 38 ndi 28, ndipo asanu ndi awiri kumbuyo, amene poyamba anali a mano 14 kulekeza 28. Poyamba maganizo anga anali akuti magiyawo ndi ochepa. Ndinkasirira njinga zatsopano za magiya 9 kapena 10 kumbuyo, ndipo ndinapita kwa mmisiri wina wachikulire ku Limbe ndili ndi cholinga chimenecho.

Bambowo anaigadabuza njinga, n'kuzunguza magiya akumbuyo ndi chala. "Achimwene, yanuyi ndi fuliwilo yomangira pa habu, si cassette, magiya akumbuyo aja amene amalowa pa habu ya mtundu wina. Mukafuna 9, mugule habu ina, timangenso wilo yonse, mugulenso chosinthira cha pa handulo ndi tcheni yopyapyala. Ndalama imeneyo mungagulire njinga ina." Kenako anandifunsa kuti kwenikweni chikundisautsa n'chiyani. Nditawauza za chitunda, anati chimene ndikusowa ndi giya imodzi yokha yaikulu kumbuyo, basi.

Zimene tinagula ndi izi: fuliwilo ya Shimano Tourney ya magiya 7, ya mtundu umene amalemba kuti MegaRange, tcheni ya KMC, ndi waya watsopano wa magiya pamodzi ndi chikuto chake. Zonse pamodzi ndi malipiro a mmisiri sizinafike n'komwe theka la zimene ndikanalipira pa njira yoyamba ija. Chosinthira cha pa handulo tinasiya chakale chomwecho chifukwa magiya akadali 7.

Mano a fuliwiloyi amayenda motere: 14, 16, 18, 20, 22, 24, kenako 34. Magiya asanu ndi limodzi oyambawo ndi ofanana ndi amene ndinali nawo kale, ndiye liwiro la pa msewu wa Masauko Chipembere silinasinthe ngakhale pang'ono. Chasintha ndi giya yomalizayo. Kale ndikaika 28 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, kupalasa kamodzi kunkazunguza wilo kamodzi, njinga n'kuyenda mamita awiri kapena kupitirira pang'ono. Pano pa 34 imayenda pafupifupi mita 1.7. Pa pepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma mawondo amakumva. Ndimakwera nditakhala pa chishalo, osaimirira, osakhotakhota mumsewu kufunafuna mphamvu, ndipo ndimafika pakhomo ndikutha kuyankha moni bwinobwino mpweya usakubanika. Kuyendako n'kwapang'onopang'ono ndithu, mwana wothamanga angathe kundipitirira, koma kukankha njinga yonyamula ufa n'kochedwa kuposa pamenepo.

Pali chimodzi choyenera kudziwiratu musanagule. Kuchoka pa 24 kupita pa 34 ndi mano khumi nthawi imodzi. Tsiku loyamba nditasintha, miyendo inangoti pepu ngati tcheni yaduka. Umu ndi mmene anaipangira, kuti giya yaikuluyo ikhale yopulumukira pa chitunda chenicheni. Pa zitunda zapakatikati, monga zina za msewu wopita ku Chilomoni, 24 imalemerako pamene 34 imapepuka kwambiri. Ndinaphunzira kuti zikatero ndisamatsitse kutsogolo: 38 kutsogolo ndi 34 kumbuyo zimandipatsa giya yapakati imene ndimaifuna, ngakhale tcheni imapendekekako ndiye sindikhalitsapo. Chinanso, ndimasintha chitunda chisanawawe, ndikupalasa mopepuka. Kusintha uku mukuponda pedulo ndi mphamvu zonse kumapangitsa tcheni kulira kuti khwaa, ndipo mano satha kulimba nazo nthawi yaitali.

Pa tcheni ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinkafuna kusiya yakale kuti ndisungeko ndalama. Bambo aja anakana, n'kundionetsa zifukwa ziwiri. Choyamba, inali yotanuka: anaikoka pa giya yaikulu yakutsogolo, inanyamuka mpaka mano kuonekera pansi pake. Tcheni yotero imadya fuliwilo yatsopano msanga. Chachiwiri, inali yaifupi, poti giya ya mano 34 imafuna tcheni yotalikirapo. Yatsopanoyo anaiyeza poikulunga pa giya yaikulu kutsogolo ndi yaikulu kumbuyo, n'kusiya mfundo ziwiri zapadera asanadule. Ikafupika, tsiku limene mudzaiwale n'kuika zazikulu zonse ziwiri, kachitsulo kosuntha tcheni kumbuyo kaja, kamene amati derailleur, kakhoza kupindika kapena kuthyoka. Ubwino wake tcheni ya magiya 6, 7 ndi 8 ndi imodzimodzi, ndipo sivuta kuipeza.

Derailleur yakale inali nkhawa ina. Si zonse zimene zimafika pa mano 34. Yanga inali ya mkono wautali ndipo inafika, atangomanga kasikuluwu kakumbuyo kamene kamatalikitsa kawilo kapamwamba kuti kasakhule giya yaikulu. Ngati yanu ndi ya mkono waufupi, konzekerani kugula ina. Tourney imene anailembera kuti imafika 34 ndi yotsika mtengo. Ndipo muumirire kuti mmisiri atchune kasikuluwu kolembedwa L. Kameneka ndi kamene kamaletsa tcheni kudumphira mu sipoko. Mnzanga wina wa kabaza anataya sipoko zisanu tsiku limodzi chifukwa cha kasikuluwu kameneka.

Pochotsa fuliwilo yakale ndinaona kusiyana kwa amisiri. Ndinaonapo kwina akugogoda ndi chitsulo ndi hamala mpaka zonse kuphwasuka. Bambowa anatenga kachida kake ka mano kolowa m'kati mwa fuliwilo, anakamanga pa vayisi, n'kuzunguza wilo yonse ndi manja awiri ngati chiwongolero. Inamasuka ndi kulira kamodzi. Asanamange yatsopano anapaka girisi pa mazinga a habu kuti tsiku lina idzachoke mosavuta. Anandionetsanso kuti ekiselo yakumbuyo inali yopindika pang'ono, vuto lodziwika pa mahabu a fuliwilo, makamaka tikamanyamula katundu. Tinasintha pomwepo, ndipo mtengo wake unali waung'ono.

Za kulimba kwake, ndayenda nayo m'fumbi la Okutobala komanso m'matope a Disembala ndi Januwale. Utoto wakuda wa giya yaikulu wayamba kusuluka pamene tcheni imadutsa, koma mano akadali bwinobwino ndipo sinadumphepo. Kadzimbiri kamaoneka ndikaisiya yonyowa usiku wonse, ndiye ndimapukuta ndi kansanza ndikafika, n'kudontheza mafuta pa tcheni Loweruka lililonse. Oyilo wakuda wa galimoto ndinasiya, amakoka mchenga. Patatha milungu iwiri magiya anayamba kuchedwa kulowa chifukwa waya watsopano anali atakhazikika. Kupotoza kamodzi kokha ka nati ka pa waya kunathetsa vutolo, ndipo bambo aja sanandilipiritse.

Chenjezo langa lili pogula. M'misika yathu muli zida zolembedwa mayina odziwika koma zisali zenizeni. Pa benchi ina anandionetsa fuliwilo yotchipa kwambiri, zilembo zake zosaoneka bwino, ndipo poizunguza inkagwedera uku ndi uku. Ndinaisiya. Tengani mmisiri wanu popita kukagula, kapena mumutume iyeyo, ndipo muwerenge mano a giya yaikulu ndi chala chanu.

Ndingaigulenso, ndipo ndauza kale mlamu wanga wa ku Bangwe kuti achite zomwezi. Wokhala ku malo athyathyathya ngati ku Nchalo sangaione phindu, 14 mpaka 28 imukwanira. Ineyo chotsatira ndi magiya akutsogolo: ndikusunga ndalama yogulira a 42, 34 ndi 24, kuti ndidzayese njira zafumbi za ku Michiru nyengo ya mvula ikatha.