Malipoti a NSO a kalembera ndi zaumoyo: mmene ndawaonera powagwiritsa ntchito kuno ku Zomba

Likulu la ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu, imene ambiri amangoitchula kuti NSO, lili konkuno ku Zomba mumsewu wa Chimbiya, ndipo alipo anthu ochuluka amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti manambala a umphawi, a uchembere ndi a imfa za ana amene amawamva pa wailesi amachokera m'nyumba zimenezo. Ine ndimathandiza kagulu kena koona za umoyo wa amayi ndi ana kulemba mapulani ndi makalata opempha thandizo, ndipo pa ntchito imeneyi ndakhala ndikudalira malipoti awiri a ofesiyi: la kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, ndi la kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa MDHS wa 2015-16. Onse awiri amapezeka pa intaneti kwaulere.

Za kalembera sindichulutsa mawu, chifukwa ntchito yake ndi yoonekeratu. Dziko lino linawerenga anthu ake mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ndipo ulendo womalizawu, umene alembi anayenda khomo ndi khomo mu September atanyamula matabuleti m'malo mwa mapepala, anapeza anthu 17,563,749. Mwa anthu 100 alionse, 84 anali okhala kumudzi, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Boma la Zomba linali ndi anthu 746,724, pamene mzinda wa Zomba pawokha unali ndi 105,013. Phindu la manambalawa limadziwika pamene chipatala chanena kuti chabaya katemera ana akutiakuti, pakuti popanda kudziwa kuchuluka kwa ana a m'deralo palibe anganene ngati ntchitoyo yayenda kapena yalephereka. Kalembera amatsika mpaka pa dera la mfumu yaikulu, kotero munthu atha kusiyanitsa kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji kapena kwa Chikowi, ndipo pa zimenezi ndilibe chodandaula.

Lipoti la MDHS ndi limene ndimalitsegula kawirikawiri, ndipo ndimalilemekeza kwambiri. Kafukufukuyu safunsa munthu aliyense ayi. Anasankha mwa maere madera 850 m'dziko lonse, ndipo kuyambira October 2015 kufikira February 2016 anacheza ndi amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49 ndi abambo 7,478. Ana osakwana zaka zisanu anawayeza kulemera pa sikelo ndi msinkhu pa thabwa, wosakwana zaka ziwiri atamugoneka chagada, wokulirapo ataimirira chidendene chitagunda thabwalo. Chifukwa kafukufuku wofanana anachitikanso mu 1992, 2000, 2004 ndi 2010, munthu amaona ulendo wonse umene dziko layenda. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, koma pofika 2015-16 nambalayo inali itatsika kufika pa 63. Mayi ankayembekezeka kubereka ana pafupifupi asanu ndi awiri pa moyo wake, 6.7 kunena ndendende, ndipo zinatsika kufika pa 4.4. Mu 2015-16, mwa ana 100 alionse, 91 anali obadwira kuchipatala. Ndikawerenga zimenezi ndimaganizira alangizi a zaumoyo amene amapalasa njinga kupita ku sikelo ya m'mudzi atamangirira bokosi la katemera kumbuyo, chifukwa thukuta lawo lili m'manambala amenewa.

Lipoti lomweli silibisanso zowawa. Ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anapezeka opinimbira, ngakhale kuti mu 2010 anali 47, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi poyamba.

Chimene chimandipangitsa kulikhulupirira ndi chakuti limaonetsa poyera mmene linapezera zimene likunena. Kumapeto kwake kuli mafunso onse amene anafunsidwa, komanso matebulo osonyeza kuti nambala iliyonse ikuluikulu ingathe kuphonya ndi zingati. Mkati mwa matebulo, nambala yochokera kwa anthu ochepa, a pakati pa 25 ndi 49, amaiika m'mikutiramawu, ndipo ikachokera kwa osakwana 25 saisindikiza n'komwe, amangoikapo kanyenyezi. Ophunzira a ku yunivesite ya Malawi amene akufuna kuwerengera okha angathe kulembetsa ku DHS Program, imene imasunga zotsatira za kafukufuku wotere wa m'maiko ambiri, ndi kulandira mayankho enieniwo, koma mayina amakhala atachotsedwa, ndipo malo a mudzi pa mapu amawasuntha dala, mpaka makilomita awiri m'tauni ndi asanu kumudzi (midzi yochepa mpaka khumi), kuti mayi amene anaulula za nkhanza za m'banja kapena anayezetsa magazi asadziwike. Chisamaliro chimenechi ndi choyenera kuchiyamikira.

Malire ake ndinawaona bwino pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo m'mudzi wina cha ku Jali. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndikuwerenga tebulo pa foni ndi kumasulira m'Chichewa mzere ndi mzere. Nditatchula za ana opinimbira, mayi wina wachikulire anayamba wanena kuti kufupika n'chibadwa cha mtundu, ndipo nditafotokoza kuti vutoli limayamba mwana akadali m'mimba ndiponso m'zaka ziwiri zoyamba, chifukwa cha kuperewera kwa zakudya za magulu ndi kudwaladwala, anakhala chete pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga bambo, ana amenewa ndi a m'mudzi uti?" Funsolo linali lanzeru, ndipo lipoti silikanatha kuliyankha. MDHS imalekezera pa boma, kotero mwana wa pachilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, wa ku Thondwe ndi wa ku Domasi amalowa m'nambala imodzi, chonsecho madzi amene amamwa, mtunda wopita kuchipatala ndi chakudya cha pakhomo n'zosiyana kutalitali. Sikuti ochita kafukufuku analakwitsa, popeza mabanja amene anasankhidwa m'boma limodzi sangayankhulire mudzi uliwonse, koma wogwiritsa ntchito lipotili ayenera kuliphatikiza ndi kaundula wa pachipatala ndi mabuku a alangizi a zaumoyo.

Nthawi nayo ndi vuto. Kuchoka pa MDHS ya 2015-16 kufika pa yotsatira ya 2024 panadutsa mliri wa COVID-19, kolera wa 2022 ndi 2023, ndi namondwe wa Freddy wa mu March 2023 amene anasakaza chigawo chino cha kummwera. Kafukufuku wina woona za umoyo wa amayi ndi ana wotchedwa MICS wa 2019-20, amene NSO inachita mothandizidwa ndi UNICEF, anatseka mpatawo pang'ono, komabe wolemba pulani ayenera kutchula chaka cha nambala iliyonse imene watenga.

Chimene chimandikhudza mtima koposa ndi chiyankhulo. Mafunso a MDHS anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti mayi wa kumudzi ayankhe momasuka za mimba zake, za kulera ndi za ana ake amene anamwalira, nkhani zimene munthu sauza mlendo mwachisawawa. Mayiyo anapereka nthawi yake, mwina kusiya khasu kapena mphika pamoto, koma zotsatira zake zili m'buku la Chingerezi la masamba mazanamazana, limene ngakhale kulitsitsa pa foni kumadya bandulo yambiri. Kabuku kachidule kamene kamatsagana nalo, kokhala ndi zithunzi ndi mapu, ndi kothandiza kwambiri ndipo woyamba kumene ayambire pamenepo, koma nakonso ndi ka Chingerezi. Ndikanakonda kuti pa kafukufuku aliyense pazituluka tsamba limodzi kapena awiri a boma lililonse, olembedwa m'Chichewa chomveka, onena kuti mwa ana 100 a ku Zomba opinimbira ndi angati, obayidwa katemera yense ndi angati, ndipo amayi ochira kuchipatala ndi angati, kuti azimatidwa pa khoma la chipatala ndi kuwerengedwa pa sikelo komanso pa misonkhano ya mafumu. Ife pa kagulu kathu tayamba kulemba tsamba lotero pamanja, ndipo mwezi wamawa tikupita nalo ku komiti ya ku Jali ija.